Kugona pafamu ndi motorhome kapena kalavani: malo ati akuyenerani?

Zithunzi za malo ogona a pafamu zimangofanana: udzu wobiriwira, nkhosa zikudya chapatali, galimoto itaima payokha pansi pa mtengo. Chithunzi sichikuuzani ngati nthaka ya pansi pa udzuwo ingapirire matani atatu ndi theka, ngati galimoto yanu ingakhote pageti, kapena komwe mukakhuthule chimbudzi likafika tsiku lachitatu. Komatu zimenezi ndi zomwe zimachititsa kuti wina achoke pafamu akuyamikira, wina achoke atalumbira kuti sadzapondakonso.

Motorhome ndi galimoto yomwe nyumba yake ili pathupi pomwepo. Bedi, pophikira, thanki ya madzi ndi kachimbudzi, zonse zili kumbuyo kwa woyendetsa. Kalavani ndi kanyumba ka matayala kopanda injini, kochita kukokedwa ndi galimoto ina. Ziwiri zonsezi zimalandiridwa pamafamu, koma malo a pafamu ali mitundumitundu, ndipo amasiyana pa malamulo, pa zimene mlimi amapereka, ndi pa zimene iye amayembekezera kwa mlendo. Ine ndimaona kuti kusankha kumayambira pagalimoto yanu: imanyamula madzi ochuluka bwanji, magetsi ake amatha liti, zonyansa imasunga masiku angati, ndipo imalemera bwanji. Kukongola kwa malo kuzibwera pambuyo.

Kamunda ka magalimoto asanu

Mtundu wodziwika kwambiri wa malo ang'onoang'ono unakhazikika ku Britain. Lamulo la mu 1960, Caravan Sites and Control of Development Act, limalola mabungwe ena kupereka chiphaso kwa mwini malo kuti azilandira makalavani kapena ma motorhome osaposa asanu nthawi imodzi, popanda kudutsa njira yaitali yopempha chilolezo ku khonsolo. Bungwe la Caravan and Motorhome Club, lomwe linayamba mu 1907, limatcha malo otere Certificated Locations, ndipo alipo oposa 2,000. La Camping and Caravanning Club, lomwe linayamba mu 1901, limawatcha Certificated Sites, ndipo kwa iwo matenti amaloledwanso. Ambiri mwa malowa ali pamafamu. Ndi malo a mamembala a bungwelo, ndipo munthu sapitirira masiku 28 motsatizana.

Zimene mlimi amakakamizidwa kuikapo ndi zochepa: mpopi wa madzi akumwa, pokhuthulira chimbudzi cha m'galimoto, ndi potayira zinyalala. Zina zonse zili kwa iye. Wina anakoka magetsi, anamanga shawa, anathira miyala poimika magalimoto. Wina ali ndi dambo ndi mpopi basi. Choncho malo awiri okhala ndi chikwangwani cha bungwe limodzi angathe kusiyana kutalitali, ndipo amene wasungitsa malo pongoona dzina la bungwelo wagula chinthu chosachidziwa.

Chimene anthu amatsata kumeneku ndi bata. Magalimoto asanu m'munda wa theka la ekala kapena kuposa amasiya malo ambiri, ndipo mabungwewa amafuna mpata wa mamita 6 pakati pa galimoto ndi inzake pofuna kupewa kufala kwa moto. Palibe bala, palibe zokuzira mawu, palibe mzere wa anthu pakhomo la shawa. Vuto lake ndi lomwelo la kuchepa: malo asanu amadzaza msanga pa nyengo ya tchuthi, ndipo palibe munthu wokhala pa ofesi kudikira alendo. Mukafika mwina mupeza kapepala pageti kolembedwa dzina lanu ndi malo oti muime, mwini ali kumunda.

Kampu ya pafamu yokulirapo

Ku Netherlands alimi ambiri ali ndi makampu ang'onoang'ono omwe amatchedwa minicamping, okhala ndi malo 15 mpaka 25 nthawi zambiri, malinga ndi malamulo a khonsolo ya deralo. Mabungwe monga SVR ndi VeKaBo amawasonkhanitsa pamodzi kuti apezeke mosavuta. Ku France mlimi angalandire alendo pa malo 6, kapena anthu 20, atangodziwitsa ku ofesi ya meya. Akafuna kupitirira pamenepo afunika chilolezo china. Mafamu ambiri otere ali m'gulu la Bienvenue à la ferme kapena Accueil Paysan. Ku Italy malo ofanana ndi awa amatchedwa agricampeggio.

Apa pamakhala nyumba ya zimbudzi ndi mabafa, potsukira mbale, magetsi pafupi ndi malo aliwonse, nthawi zina makina ochapira ndi bwalo la ana. Kwa banja la ana aang'ono, kapena kwa amene ali ndi galimoto yaing'ono yopanda chimbudzi, mtundu umenewu ndi woyenera kuposa kamunda ka asanu. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sakhalitsa ndi bata. Amafuna anzake, ndipo pa malo 20 anzake sasowa. Chimene mumataya ndi kudzipatula kuja. Mnzanu wa pafupi mumamva akutsokomola, ndipo m'mawa shawa ikakhala imodzi mudikira.

Usiku umodzi osalipira

Njira yachitatu inayambira ku France mu 1993 ndi France Passion. Mumagula buku la chaka chimenecho ndi chizindikiro chomata pagalasi, kenako mungathe kugona kwa alimi ndi olima mphesa omwe ali m'bukumo osalipira malo. Malamulo ake ndi omveka: galimoto ikhale motorhome yodzidalira pa madzi, chimbudzi ndi magetsi, musapitirire maola 24, mufike kusanade, mulonjere mwini pofika ndipo mutsanzike pochoka. Ku Germany kuli Landvergnügen, ku Britain Brit Stops, ku America ndi Canada Harvest Hosts. Zonsezi zimayenda pa nzeru yofanana, ngakhale kuti malamulo ang'onoang'ono amasiyana. France Passion silandira makalavani, choncho wokoka kalavani awerenge bwino asanagule umembala wa gulu lililonse.

Uleremu muli mawu. France Passion imanena kuti palibe chokakamiza kugula, pamene Harvest Hosts imayembekezera poyera kuti mlendo agula kanthu. Koma ngakhale kumene sakakamiza, mlimi wakutsegulirani geti pofuna kuti muone vinyo, tchizi, uchi kapena zipatso zake. Mukalowa m'kasitolo kake, iye akufotokozereni ntchito yake ndi mtima wonse, n'kovuta kutuluka chimanjamanja, ndipo ambiri amawononga ndalama zoposa zimene akanalipira pakampu. Ine sindiona cholakwika pamenepo, bola munthu asadzinamize kuti akusunga ndalama. Mukugula zinthu zabwino kwa amene wazipanga, malo ogona n'kukhala ongowonjezera.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti pamalo otere simupatsidwa kanthu kena kupatula poima. Madzi, magetsi, pokhuthulira chimbudzi, zonsezi mlimi sanalonjeze. Akakupatsani madzi ndi kukoma mtima kwake. Mlendo ndi mame, ndipo njira iyi inapangidwira munthu wodutsa, amene mawa m'mawa akhala atapita. Amene akufuna kutulutsa mipando, kutambasula chitenti cha m'mbali ndi kuyanika zovala wasochera, malo ake ndi ena.

Makampu aakulu ndi malo oimapo a m'matauni

Awa si a pafamu, koma sangasiyidwe poyerekeza chifukwa ndi omwe amathandiza kuti kugona pafamu kutheke. Kampu yaikulu ili ndi makina ochapira, misewu yolimba, magetsi odalirika ndi munthu womufunsa. Malo oimapo ma motorhome, omwe ku France amatchedwa aire ndipo ku Germany Stellplatz, nthawi zambiri ndi bwalo la phula lokhala ndi mpopi ndi ngalande, ndipo makalavani ambiri salandiridwapo. Kukongola palibe, koma m'mphindi khumi ndi zisanu mwakhuthula zonyansa, mwadzaza madzi, mwakonzekera masiku ena awiri kapena atatu kumudzi. Kungoima patchire popanda chilolezo ndi nkhani ina, ndipo anthu ambiri amaimva molakwa. Ku Scotland lamulo la mu 2003 lopatsa anthu ufulu woyenda ndi kugona m'tchire silikhudza magalimoto. Munda uliwonse uli ndi mwini wake.

Udzu kapena miyala

Apa ndi pomwe ndikhalitse, chifukwa mavuto ambiri a pafamu amayambira pansi pa matayala. Ma motorhome ochuluka a ku Ulaya amamangidwa pa Fiat Ducato ndi magalimoto ofanana nayo, omwe amakoka ndi matayala a kutsogolo. Koma katundu wolemera, monga thanki ya madzi, njinga ndi zonse zosungidwa pansi pa bedi, amakhala kumbuyo. Ndiye kuti matayala okoka ndi omwe apepukidwa. Sipafunika mvula yamphamvu. Mame a m'mawa pa udzu wa pakamtunda pang'ono ndi okwanira.

Zimachitika motere. Madzulo munalowa bwinobwino nthaka ili youma pamwamba. Usiku wonse matani atatu ndi theka akhala pa malo anayi okula ngati chikhatho, ndipo tayala lililonse ladzikumbira kadzenje. M'mawa mwaika giya yoyamba, mwaponda moto, tayala lazungulira kamodzi, udzu wachoka, pansi pake pali dothi loterera. Mukapondanso moto ndiye mukukumba. Pofika kachitatu galimoto yakhala pansi, kilachi ikununkha, ndipo pa dambo la eni pali mizere iwiri yakuda yomwe itenga miyezi kuti imerenso.

Kupewa kwake n'kosavuta koma kumafuna kutsika m'galimoto. Yendani pamalopo ndi miyendo musanalowetse galimoto, mudinde ndi chidendene. Chikalowa, tayala lidzalowanso. Imani mutayang'ana kotulukira, makamaka kotsetsereka, kuti m'mawa musayambe ndi kubwerera m'mbuyo kapena kukhota. Ikani timphasa ta pulasitiki kapena matabwa pansi pa matayala okoka mukangofika, osadikira kuti mutitimire. Ponyamuka yambani pang'onopang'ono, ena amakonda giya yachiwiri, ndipo galimoto ikangoyenda musaime mpaka mutaponda polimba. Tayala likazungulira pachabe, siyani pomwepo.

Mlimi amakhala ndi thirakitala, ndipo ambiri amathandiza. Koma thirakitala ili ndi mphamvu zoti ingathe kuzula chitsulo. Chingwe chimangiriridwe pa ngowe yokokera yomwe inabwera ndi galimoto, ija yochita kupotokolera m'kabowo ka kutsogolo, osati pa chitsulo chilichonse chimene dzanja lafikapo pansi. Dziwani komwe ngoweyo ili musanachoke kunyumba. Kuifunafuna m'matope mlimi akudikira injini ikulira si chinthu chosangalatsa.

Ndiye udzu kapena miyala? M'chilimwe chouma udzu ndi wabwino: ngofewa kumapazi, sutentha, ndipo zikhomo za chitenti zimalowa mosavuta. Nyengo ya mvula kapena yozizira, wa motorhome yolemera asankhe malo othiridwa miyala ngakhale atakhala osakongola, ndipo afunsenso za njira yochokera pageti kukafika pamalopo, chifukwa miyala ya poima sithandiza ngati muyenera kudutsa dambo lonyowa kuti muifike. Amene wasankha dambo m'nyengo yotere asadandaule: walira mvula walira matope.

Palinso kupendekeka. Minda siyalidwa ngati bwalo. Firiji yoyendera gasi yomwe ili m'makalavani ndi ma motorhome ambiri siziziritsa bwino galimoto ikapendekeka, madzi a m'shawa amathawira pakona yopanda bowo, ndipo tulo tokhala mutu uli kumunsi sitikoma. Zokwezera matayala ziwiri zimakwana pa malo ambiri. Wa kalavani akumbukire kuti timiyendo tinayi ta m'makona ndi tongoletsa kugwedezeka. Akatigwiritsa ntchito ngati jeke apinda chitsulo cha pansi.

Magetsi a mlimi kapena anu

Ku Ulaya magetsi a pakampu ndi a mavoti 230, ndipo amabwera pa soketi yabuluu ya mabowo atatu. Chosiyana ndi kuchuluka kwa ma amp, muyeso wa magetsi amene mungakoke nthawi imodzi. Pa 16 mumapeza mawati 3,680, pa 10 mawati 2,300, pa 6 mawati 1,380 okha. Mafamu ang'onoang'ono ambiri amapereka 10 kapena 6, poti chingwe chawo chimachokera kunyumba kapena kukhola. Ketulo ya m'nyumba imadya mawati 2,000 mpaka 3,000. Onani pamenepo: pa ma amp 6 ketulo yokhayo yazimitsa kale.

Kawirikawiri zimachitika madzulo. Chotenthetsera chili pa magetsi, firiji ikuyenda, batire likutchajidwa, wina n'kutcherako madzi a tiyi. Phethi, mdima. Ngati switchi ili pa mtengo womwe mwalumikizapo, mungoikweza. Koma pamafamu ena bokosilo lili m'shedi yokhoma, ndipo kuti muyatse muyenera kukagogoda pakhomo la munthu amene adzuke m'bandakucha kukakama ng'ombe. Ketulo yaing'ono ya paulendo, yosafika mawati 1,000, kapena kungowiritsa madzi pa gasi, kumathetsa nkhaniyi. Chingwe cha mamita 25 chimafika pa malo ambiri, ndipo chitambasulidwe chonse. Chikasiyidwa chokulungidwa magetsi ambiri akudutsa chimatentha mpaka kusungunuka.

Kupita kopanda magetsi kumatsegula malo ambiri abwino ndi otsika mtengo, ndipo m'chilimwe n'kosavuta. Nyali za LED, pampu ya madzi ndi kutchaja mafoni sizidya zambiri. Batire wamba la 100Ah limapereka pafupifupi theka la mphamvu yake lisanayambe kuonongeka, la lithium limapereka zochulukirapo, ndipo sola ya padenga imabwezera masana. M'nyengo yozizira nkhani imatembenuka. Dzuwa ndi lochepa, usiku ngwautali, ndipo chotenthetsera, ngakhale cha gasi kapena dizilo, chimafuna batire kuti fani yake izungulire. Masiku awiri angakwane kulimaliza. Jenereta pafamu yabata ndi njira yofulumira yodana ndi aliyense, ndipo malo ambiri amailetsa.

Pa gasi pali zinthu ziwiri. Gasi wa mtundu wa butane amasiya kutuluka m'botolo kuzizira kukafika pafupi ndi madigiri 0, pamene propane amagwirabe ntchito mpaka pafupi ndi madigiri 42 pansi pa ziro, choncho wa m'nyengo yozizira atenge propane. Chachiwiri ndi mpweya wakupha wa carbon monoxide, womwe sununkha ndipo suoneka. Kachipangizo kochenjeza za mpweyawu kakhale m'galimoto, ndipo mbaula ya makala isalowe m'kalavani kapena m'chitenti ngakhale itaoneka ngati yazima.

Chimbudzi ndicho chimawerenga masiku

Anthu sakonda kuikamba nkhaniyi, koma ndi yomwe imalamula ulendo. Kathanki ka chimbudzi cha m'galimoto kamalowa malita 17 kapena 18, ndipo anthu awiri amakadzaza m'masiku awiri kapena atatu. Thanki ya madzi abwino ya malita 100 ingathe kupirira kuposa pamenepo ngati simusamba motayirira. Ndiye kuti pa malo opanda pokhuthulira, monga a usiku umodzi aja, mungagone mausiku awiri motsatizana, lachitatu muyenera kupeza kampu kapena aire. Ana akakhalapo masikuwo amachepa.

Pafamu pali chinanso chimene kutauni kulibe. Mafamu ambiri sanalumikizidwe ku mapaipi a zonyansa a boma. Ali ndi sepitiki thanki, yomwe imagwira ntchito chifukwa cha tizilombo tamoyo towoletsa zonyansazo. Mankhwala ena a m'chimbudzi cha galimoto, makamaka okhala ndi formaldehyde, amapha tizilomboti, ndipo mlimi amatsala ndi thanki yonunkha yofuna ndalama zambiri kuikonza. N'chifukwa chake ena amalemba kuti amalola mankhwala obiriwira okha. Akatero amatanthauzadi zimenezo. Ndipo kukhuthulira m'chimbudzi wamba cha pamalopo, kapena kuseri kwa mpanda poganiza kuti ng'ombe nazo zimachitira pomwepo, ndi khalidwe lomwe lachititsa alimi ena kutseka mageti awo kwa alendo onse.

Madzi otsukira mbale ndi osambira nawo afunseni. Alimi ena amati athireni m'tsinde mwa mpanda wa mitengo, ena ali ndi ngalande yake, ena salola n'komwe chifukwa cha mtsinje kapena chitsime chapafupi. Mpopi wa pokhuthulira chimbudzi musadzazire madzi akumwa, ngakhale utakhala woyandikira.

Kunyamula madzi nakonso kuli ndi mtengo wake. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki yodzaza ndi makilogalamu 100. Laisensi wamba ya galimoto ku Ulaya imalekezera pa makilogalamu 3,500, ndipo ma motorhome ambiri amakhala atayandikira kale malirewo asanalowetsedwe katundu. Amene akupita pafamu yokhala ndi mpopi angayende ndi madzi ochepa n'kukadzaza komweko. Amene akupita kopanda madzi ayenera kunyamula, ndiye achepetse zina.

Motorhome ndi kalavani sizifuna malo ofanana

Wa kalavani akafika amamasula, amakhazikitsa kanyumba kake, galimoto n'kukhala yomasuka. Kukagula zinthu, kukaona tauni, kuyenda timisewu topapatiza, zonse amachita ndi galimoto wamba. Madzi amatunga ndi mgolo wogubuduza wa malita 40, ndipo otayidwa amawakoka ndi chotengera cha matayala, choncho kalavani siyenda mpaka tsiku lochoka. Kwa iye famu yakutali ndi masitolo si vuto, ndipo kukhala masiku asanu kapena sabata pamalo amodzi ndiko kumabweza thukuta lomangirira ndi kumasula. Pomwe amavutikira ndi pa kilomita yomaliza: kamsewu ka galimoto imodzi, mipanda mbali zonse, thirakitala ikubwera kutsogolo, iye n'kuyenera kubwerera m'mbuyo ndi kalavani. Mabungwe a ku Britain amalangiza woyamba kumene kuti kalavani yodzaza isapose 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yokoka, ndipo pa dambo lonyowa galimoto yokoka ndi matayala onse anayi imaonetsa phindu lake.

Wa motorhome zake zimatembenuka. Kufika ndi kuchoka ndi nkhani ya mphindi zochepa, choncho usiku umodzi apa wina apo umamuyenera. Koma akafuna buledi ayenera kuchotsa chingwe, kutsika pa zokwezera, kusunga mbale zonse, n'kudutsanso pa udzu womwewo kawiri. Pafamu yomwe ili kutali ndi chilichonse, iye amakhala womangika pokhapokha atanyamula njinga kapena pakhale basi pafupi. Galimotoyo ndi yotambalala pafupifupi mamita 2.3 ndipo kutalika kwake kupita m'mwamba kumayandikira mamita 3, ndiye nthambi zolendewera ndi madenga a mashedi ndi adani ake. Mlimi akakulemberani njira yobwerera, tsatani yakeyo ngakhale foni ikulozereni yachidule. Iye akudziwa mlatho wopapatiza womwe foni siuona, komanso kumidzi netiweki imathawa pomwe mukuifunitsitsa.

Famu ndi malo a ntchito

Amene akufuna chete weniweni aganize kawiri posankha famu ya ziweto. Ng'ombe za mkaka zimakamidwa m'mamawa ndi madzulo tsiku lililonse, galimoto yotenga mkaka imabwera nthawi yake, ndipo nyengo yokolola makina amagwira ntchito mpaka usiku mvula isanabwere. Manyowa akathiridwa m'munda fungo limakhala masiku, ntchentche nazo sizisowa. Palibe chodandaulira pamenepo, ndi zimene famu ili. Munda wa zipatso kapena wa mphesa umakhala wodekha kuposa wa ziweto miyezi yambiri. Koma kwa ana, famu ya ziweto ndiyo yosaiwalika, malinga maso anu ali pa iwo: makina, maenje a ndowe zamadzi ndi milu ya mabelo a udzu si malo osewerera.

Galu ndi amene amayambitsa mikangano yambiri. Ngakhale wofatsa akathamangitsa nkhosa za bere zingathe kupoloza, choncho akhale pa chingwe nthawi zonse, ndipo mafamu ena salandira agalu. Ng'ombe zokhala ndi ana zimaukira galu. Zikakulondolani m'munda, musiyeni athawe yekha, inu mutuluke modekha. Mayi woyembekezera asayandikire nkhosa zomwe zikubereka kapena ana ake ongobadwa, chifukwa pali matenda monga toxoplasmosis ndi listeriosis omwe angavulaze mwana wa m'mimba. Aliyense wogwira ziweto asambe m'manja ndi sopo asanadye, ndipo madzulo muyang'anane nkhupakupa, zomwe kumadera ena zimafalitsa matenda a Lyme.

Mlimi akakupemphani kuviika nsapato m'mankhwala kapena kusalowa m'khola lina, ali ndi chifukwa. Mu 2001 matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto (foot-and-mouth) atabuka ku Britain ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa ndipo njira za kumidzi zinatsekedwa kwa miyezi. Munthu woyenda famu ndi famu ndi matope a dzulo ku nsapato ndi kumatayala ndi amene alimi amamuopa. Geti musiye momwe mwalipezera: lotseka litsekedwe, lotsegula lisatsekedwe, poti mwina latsegulidwa dala kuti ziweto zifike kumadzi. Ndipo ziweto za eni musazipatse zotsala zanu.

Ndani asankhe chiyani

Woyamba kumene, amene sanadziwe kuti batire lake ndi kathanki kake zimatha liti, ayambe ndi kampu ya pafamu yokhala ndi magetsi ndi zimbudzi. Kumeneko angayese kukhala tsiku limodzi osalumikiza chingwe, n'kuona mmene zinthu zikuthera popanda chowopsa. Anthu awiri okhala ndi kalavani kapena motorhome yokwanira zonse, ofuna kupuma masiku angapo, kamunda ka asanu ndi kovuta kukaposa, ndipo ndi komwe ine ndingawatumize. Wa motorhome woyenda mtunda wautali apindula ndi malo a usiku umodzi, akamalowetsa kampu kapena aire pakati pa mausiku awiri alionse. Kampu yaikulu ikhale ya tsiku lochapa, kapena ya sabata ya mvula yosalekeza.

Mapulogalamu a pafoni monga park4night, Campercontact ndi Pitchup amathandiza kupeza malo, ndipo ndemanga za miyezi yaposachedwa ndi zodalirika kuposa zithunzi. Komabe malo ang'onoang'ono amafuna kuimba foni. Nenani kutalika ndi kulemera kwa galimoto yanu, mufunse ngati nthaka ndi yolimba sabata imeneyo, ma amp ndi angati ndipo kodi magetsi ali pa mita, mankhwala ati a chimbudzi amaloledwa, galu angabwere, ndipo kulipira ndi kwa kadi kapena ndalama m'manja, poti mafamu ena makina a kadi alibe. Malo ambiri otere amatsekanso m'nyengo yozizira, ngakhale pa intaneti akuonekabe.

Mufunsenso nthawi yabwino yofikira. Madzulo a nthawi yokama mlimi sangasiye ng'ombe kuti akulozereni poima, ndipo kulowa m'munda wachilendo mumdima ndi komwe kumagwetsa matayala m'ngalande. Mukaona kuti muchedwa kapena simubweranso, imbani msanga. Pa malo asanu, galimoto imodzi yosabwera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama za usiku umenewo, ndipo mwina mlimiyo anabweza wina chifukwa cha inu.